Nkhondo ikabuka, netiweki imakhala m'manja mwa ndani?

Kumapeto kwa chaka cha 2024 anthu zikwizikwi a m'boma la Morrumbala ku Mozambique anawoloka Shire ndi Ruo n'kulowa ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ankathawa ziwawa zomwe zinabuka chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala, zomwe zinadzafika poipa pa 23 Disembala pomwe bwalo loona za malamulo oyendetsera dzikolo linatsimikiza kuti wapambana ndi Daniel Chapo wa Frelimo. Malipoti a nthawi imeneyo ankatchula anthu pafupifupi 13,000. Ambiri anakawasonkhanitsa ku Nyamithuthu, dzina lomwe akuluakulu kuno akulidziwa kuyambira nkhondo ya Renamo. Koma miyezi iwiri anthuwa asanayambe kukwera mabwato, kwawoko kunachitika chinthu chomwe pa nkhondo yakale ija kunalibe: intaneti ya pa foni inazimitsidwa. Inayamba kuduka pa 25 Okutobala, kenako Facebook ndi WhatsApp zinatsekedwa, ndipo masiku ena intaneti inkathima madzulo n'kudzabwerera m'mawa. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Venâncio Mondlane, yemwe ankakana zotsatira za chisankho, ankaitanitsa zionetsero ali kunja kwa dziko, akulankhula pa Facebook.

Imeneyo sinali nkhondo yeniyeni, koma njirayo ndi ya kunkhondo. Masiku ano pakangolira mfuti, china mwa zoyamba kufa ndi netiweki, ndipo ufulu wolankhula, womva komanso wouza m'bale wako kuti uli moyo umatsala m'manja mwa anthu ochepa kwambiri. Ena ndi a boma, ena ndi zigawenga, ndipo posachedwapa kwawonjezereka gulu lachitatu, eni makampani omwe sanasankhidwe ndi aliyense.

Ife a kuchigwa nkhondo tinaionera pafupi. Kuyambira 1977 mpaka pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, Frelimo ndi Renamo zinkamenyana tsidya la mtsinje, ndipo Malawi inasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje inafika nthawi yoti alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mankhokwe ndi Tengani munali anthu ngati m'tauni. Nkhani za nkhondoyo zinkabwera ndi miyendo. Wofika dzulo ndiye ankanena kuti mudzi wakuti wapsa, uje wagwidwa kukanyamula katundu wa asilikali. Amene ankafuna kufoola dziko nthawi imeneyo ankaphwanya njanji ndi milatho. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utaphulitsidwa m'ma 1980, njanji yochokera ku Beira yolowera pa Marka inafa, katundu wa Malawi n'kumazungulira mpaka ku Durban. Njanji za lero ndi nsanja za mafoni ndi zingwe za intaneti. Zigawenga zitalowa m'tauni ya Palma ku Cabo Delgado pa 24 Malichi 2021, mafoni anathima tsiku lomwelo, abale a anthu a kumeneko n'kukhala masiku osadziwa wamoyo ndi wakufa.

Kuti timve chifukwa chake n'zosavuta chonchi, titsatire uthenga umodzi wa pa WhatsApp wochokera pa Ngabu kupita kwa mwana yemwe ali ku Joni. Uthenga umachoka pa foni kupita pa nsanja yapafupi. Nsanjayo imadya magetsi, a ESCOM, a jenereta kapena a dzuwa. Kuchoka apo umalowa m'zingwe za fayiba kupita ku makina akuluakulu a kampani ya mafoni. Poti Malawi ilibe gombe, zingwezo zimadutsa m'maiko a eni ake, Mozambique, Tanzania kapena Zambia, kuti zikakumane ndi zingwe zogona pansi pa nyanja yamchere. Paliponse pa ulendowu pakhoza kudulidwa. Bomba limagwetsa nsanja, dizilo akasowa jenereta imazima. Koma njira yotchipa kuposa zonse siifuna bomba: m'dziko lomwe makampani a mafoni ndi awiri kapena atatu, kalata imodzi yochokera ku boma ndi yokwana, chifukwa kampani yokana imaopa kulandidwa chiphaso.

Nthawi zina nkhondo ya kutali imafika pa zingwezi mosayembekezera. Mu Febuluwale 2024 zingwe zingapo za mu Red Sea zinaduka, ndipo akatswiri ambiri analoza nangula wa sitima ya Rubymar yomwe inkangoyandama italasidwa ndi gulu la Houthi la ku Yemen. Pa 12 Meyi chaka chomwecho zingwe za EASSy ndi Seacom zinadukanso kufupi ndi gombe la South Africa, ulendo uno popanda nkhondo, intaneti n'kumakwawa ku Tanzania, Mozambique ndi kuno. Ndipo mdima wa netiweki tinaulawa kale ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, madzi atawononga Kapichira, komanso ndi Freddy mu Malichi 2023. Kusiyana kwake n'koti namondwe sasankha woti atseke pakamwa, ndipo madzi akaphwa akatswiri amabwera kudzakonza.

Anthu a m'tauni akamva zoti intaneti yazimitsidwa amaganiza za Facebook ndi TikTok. Pitani pa Bangula tsiku la msika mukaime pafupi ndi ejenti wa ndalama za pa foni. Wakhala pansi pa ambulera, kabuku ka manambala kali pamwendo, mafoni awiri a mabatani ali pa tebulo, limodzi lomangidwa ndi labala. Mayi wafika ndi kapepala kolembapo nambala yachinsinsi, akufuna atape ndalama yomwe mwana wake watumiza kuti agule chimanga ndi kulipira kabaza wobwererera. Ejenti adina, adikira, adinanso. "Netiweki yavuta, mayi, mudikire kaye." Mayiwo akhala pa mwala, thumba lopanda kanthu lili m'manja. Ndalama ilipo, ndi yawo, koma siigwirika. Apa ndi ola limodzi kapena awiri. Ku Tigray, m'dziko la Ethiopia, zinatenga zaka ziwiri.

Nkhondo itayamba kumeneko pa 4 Novembala 2020, mafoni, intaneti ndi mabanki zinatsekedwa m'chigawo cha anthu pafupifupi 6 miliyoni, ndipo zinayamba kubwerera pang'onopang'ono litasainidwa pangano la ku Pretoria pa 2 Novembala 2022. Anthu oti ali ndi ndalama ku banki ankagona ndi njala. Mdimawo unagwiranso ntchito ina: kumapeto kwa Novembala 2020 asilikali a Eritrea anapha anthu mazanamazana mumzinda wa Axum, koma dziko lapansi linadzamva tsatanetsatane wake mu Febuluwale 2021, bungwe la Amnesty International litafunsa othawa omwe anafika ku Sudan. Ku Sudan komweko nkhondo inabuka pa 15 Epulo 2023 pakati pa asilikali a boma ndi gulu la RSF. Mabanki ambiri atatsekedwa, anthu ankadalira Bankak, njira yotumizira ndalama pa foni ya Bank of Khartoum. Mu Febuluwale 2024 netiweki za Zain, MTN ndi Sudani zinathima. Mbali ziwirizo zinkalozana zala, ngakhale ambiri ankaloza RSF yomwe inkalamulira madera a Khartoum komwe kuli makina a makampaniwo. Malo ambiri ophikira chakudya cha anthu ovutika, omwe ankayendetsedwa ndi achinyamata odzipereka ndi ndalama zochokera kwa abale akunja, anasiya kuphika. Ku Gaza nako mafoni onse anathima pa 27 Okutobala 2023, usiku womwe asilikali a Israel ankalowa pamtunda, moti wovulala analibe poimbira ambulansi.

Ndiye wina anganene kuti mankhwala ake apezeka, ndi intaneti yochokera kumwamba. Nkhani ya Starlink, intaneti ya satelayiti ya kampani ya Elon Musk, ku Ukraine ndi yofunika kuimva bwino, chifukwa anthu amakonda kuinena theka.

Tsiku lomwe Russia inalowa mu Ukraine, pa 24 Febuluwale 2022, akatswiri oononga makompyuta anapha makina olandirira intaneti ya satelayiti ya kampani ya Viasat, yomwe asilikali a Ukraine ankagwiritsa ntchito. Chiwembucho chinasefukira kunja: ku Germany makina opukusa magetsi ndi mphepo okwana 5,800 anasiya kulumikizana ndi owayang'anira. Patapita masiku awiri, nduna ya Ukraine yoona za luso la makono, Mykhailo Fedorov, inapempha Elon Musk pa Twitter kuti atsegule Starlink. Anatsegula, ndipo mbale zolandirira zinayamba kufika sabata isanathe. Zinathandizadi zipatala, asilikali ndi anthu wamba. Ku Kherson, komwe Russia inakhotetsa zingwe mu 2022 kuti intaneti yonse izidzera ku Crimea ndi kusefedwa ndi malamulo a Moscow, mzindawo utabwerera m'manja mwa Ukraine mu Novembala anthu ankaunjikana pozungulira mbale za Starlink kuti aimbire abale.

Theka linalo ndi ili. Mu 2023 zinadziwika kuti chaka chapitacho Ukraine inapempha kuti Starlink igwire ntchito mpaka ku Sevastopol, komwe inkafuna kuphulitsa sitima za nkhondo za Russia, ndipo Musk anakana. Mwini wake anavomera, ponena kuti sankafuna kuti kampani yake ilowe m'chinthu chokulitsa nkhondo. Mwina anaganiza bwino, mwina ayi. Nkhani si imeneyo. Nkhani ndi yoti munthu mmodzi, yemwe si mkulu wa asilikali komanso si nduna, anagamula pomwe nkhondo ya dziko lina ithere. Ukraine inadandaula koma sikanatha kumutaya. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ku Sudan mbale zomwezo zinalowa mozembetsa, ndipo m'madera ambiri a RSF anthu ankalipira pa ola kuti alandire ndalama za abale, phindu n'kumathera kwa a mfuti omwewo. Kuno Starlink inayamba mu 2023 ndi chiphaso cha MACRA. Kwa sukulu ya ku East Bank kapena chipatala cha ku Makhanga, komwe madzi amadula msewu chaka ndi chaka, ndi chinthu chabwino, ndipo ndingakonde zitachuluka. Koma tisamaiyese ufulu wogwa kumwamba. Ili ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo ali ndi zofuna zake.

Tsopano mbali ya maboma, poti nawo ali ndi mfundo ndipo sizoona kuti zonse ndi nkhanza. Foni ikangoyaka imalankhula ndi nsanja mosalekeza, ngakhale simukuimba. Imanena nambala ya SIM ndi nambala yakeyake ya foniyo, ndipo nsanja zingapo zikaimva n'kosavuta kudziwa dera lomwe ili. Mafoni mazana akayaka malo amodzi pomwe dzulo panalibe munthu, mdani wadziwa poponya. Usiku wolowa chaka cha 2023 mizinga ya Ukraine inagwera nyumba ya sukulu ku Makiivka momwe munkagona asilikali a Russia. Unduna wa zachitetezo ku Moscow unavomera kuti anafa 89, n'kunena kuti chinawaulula ndi mafoni omwe ankagwiritsa ntchito mophwanya lamulo. Ku Ukraine ndi mlandu kujambula ndi kufalitsa mayendedwe a asilikali, ndipo lamulo lotero ine sindilitsutsa. Chithunzi chimodzi choponyedwa pa gulu la WhatsApp chikhoza kuphetsa anthu.

Palinso bodza. Mu Malichi 2022 panatuluka kanema wopangidwa ndi kompyuta woonetsa mtsogoleri wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, akuuza asilikali ake kuti atule zida. Anali wosapangidwa bwino, mutu sunkagwirizana ndi thupi, anthu anangoseka. Lero makina a AI akupanga mawu ndi nkhope zovuta kuzitsutsa. Ndipo Africa sinaiwale wailesi ya RTLM ku Rwanda, yomwe mu 1994 inkatchula maina a anthu ndi malo omwe abisala kuti akaphedwe. Mmodzi wa oiyambitsa, Ferdinand Nahimana, anapezeka wolakwa ku khoti la United Nations ku Arusha mu 2003. Amene amati mawu sapha sanawerenge mbiri imeneyo.

Koma taonani kukula kwa bala ndi kukula kwa mpeni. Kuletsa kujambula malo a asilikali, kutseka wailesi imodzi yoitanira anthu kukapha anzawo, ndi zinthu zoloza pamalo amodzi, zoti khoti likhoza kuziyeza. Kuzimitsa chigawo chonse kumalanga mayi wa pa ejenti uja, namwino, woyendetsa ambulansi, pomwe a mfuti ali ndi mawailesi awoawo a mauthenga ndi mafoni a satelayiti. Ndipo mphekesera sizifa netiweki ikafa. Kuno tikudziwa momwe nkhani ya anamapopa inayendera m'maboma a kum'mwera mu 2017 mpaka anthu osalakwa kuphedwa. Pakamwa pokha panali pokwana. Chimene chimapha mphekesera ndi munthu wodalirika kuyankha msanga, kaya pa foni, kaya pa wailesi za m'dera ngati Gaka ndi Nyanthepa. Ukathimitsa zonse, wotsutsa bodza ndiye woyamba kusowa polankhulira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti lamulo lobwera ndi nkhondo silikonda kuchoka nkhondo ikatha, ndipo limakula msanga. Pa 4 Malichi 2022 Russia inakhazikitsa lamulo lopereka zaka mpaka 15 kwa wofalitsa zomwe boma lati ndi zabodza zokhudza asilikali. Mwezi womwewo Facebook ndi Instagram zinatsekedwa, wailesi ya Ekho Moskvy n'kuzimitsidwa. Wandale Ilya Yashin analamulidwa kukhala kundende zaka 8 ndi theka chifukwa cholankhula pa YouTube za anthu ophedwa ku Bucha, m'dziko la Ukraine. Pamenepo palibe chinsinsi cha asilikali chomwe chinatetezedwa. Chinatetezedwa ndi nkhope ya boma. Ukraine, yomwe ndi yolakwiridwa pa nkhondoyi, nayo siili yoyera: mawailesi akuluakulu a kanema anawaphatikiza kukhala pulogalamu imodzi ya nkhani kuyambira 2022, atolankhani a komweko akhala akudandaula kuti otsutsa boma saoneka mokwanira, ndipo chisankho cha mtsogoleri chomwe chinayenera kuchitika mu 2024 sichinachitike poti malamulo a nthawi ya nkhondo salola.

Sitikufunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti Nyasaland ili pa chiopsezo, Kamuzu Banda n'kukatsekeredwa ku Gwelo. Malamulo a chitetezo omwe atsamunda anasiya, Kamuzu yemweyo anawasunga, kuwanola, n'kumatsekera nawo anthu popanda kuwazenga mlandu kwa zaka pafupifupi 30, dziko lisali pa nkhondo ndi aliyense. Ngakhale Gwanda Chakuamba, mwana wa kuno yemwe anali wamphamvu m'boma lomwelo, anamangidwa mu 1980, n'kugamulidwa zaka 22 pa mlandu woukira, ndipo anatuluka mu 1993. Chomwe chinathandiza kuboola mpandawo ndi luso la nthawi imeneyo: itawerengedwa kalata ya maepiskopi pa 8 Malichi 1992, timapepala tinayamba kuyenda pa makina a fakisi ndi fotokope, apolisi n'kumagwira ogwira ntchito m'maofesi. Ngakhale mu ulamuliro wa zipani zambiri, pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 MACRA inaletsa mawailesi kuulutsa zomwe zinkachitika m'misewu pa nthawi yomwe anthu ankaomberedwa.

Lero boma silifunikanso kutsegula makalata ku positi. Kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, ndiye nambala, dzina, nkhope, zidindo za zala ndi mbiri ya ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zikhoza kulumikizidwa. Pa mtendere zimathandiza kugwira akuba a pa foni, ngakhale mauthenga awo onamizira kuti atumiza ndalama molakwika sanathe. Koma kaundula sasankha womuwerenga. A Taliban atalanda Kabul mu Ogasiti 2021 anapeza makina a asilikali a America osunga zidindo za zala ndi maso a anthu, ndipo omwe anagwirapo ntchito ndi boma lakale anayamba kubisala. Lamulo loteteza mbiri za anthu lomwe Malawi inakhazikitsa mu 2024 ndi chiyambi chabwino, koma ntchito yoliyang'anira inapatsidwa kwa MACRA, bungwe lomwelo lopereka ndi kulanda ziphaso, lomwe bodi yake imasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Kwa ine mphamvu zimenezi zachulukira pakhomo limodzi.

Malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994 anaiganizira nkhaniyi, mwina chifukwa owalemba anali atangotuluka kumene mu mdima. Gawo 45 limalola kuti pa nthawi ya nkhondo kapena chiopsezo chachikulu boma lichepetse ufulu wolankhula, wodziwa zinthu, woyenda ndi wosonkhana. Koma limamanga manja: mtsogoleri alengeze poyera, komiti ya zachitetezo ya Nyumba ya Malamulo ivomereze, ndipo zisapitirire masiku 21 pokhapokha aphungu atawonjezera. Ufulu wokhala ndi moyo ndi woti munthu asazunzidwe sukhudzidwa zivute zitani. Ife kuno tazolowera kumva kuti boma lalengeza kuti kwagwa ngozi madzi akasefukira kapena kukachita chilala. Chilengezo chimenecho n'chopemphera thandizo, sichipatsa boma mphamvu yochotsa ufulu wa munthu. Makhoti anatsindika kusiyana kumeneku mu 2020, pomwe anaimitsa m'bindikiro wa Covid-19 n'kudzagamula kuti boma silingachepetse ufulu chotero lisanatsate gawo 45.

Vuto ndi loti kuzimitsa netiweki sikulira chilengezo. Kumatheka usiku, ndi foni imodzi yopita kwa mkulu wa kampani, m'mawa n'kumauza anthu kuti makina avuta. Ku Zimbabwe mu Januwale 2019, pa zionetsero zokana kukwera kwa mtengo wa mafuta, kampani ya Econet inachita chinthu chomwe makampani ambiri sachita: inatumizira makasitomala ake uthenga wonena kuti yatseka intaneti polamulidwa ndi boma. Maloya a za ufulu ndi bungwe la MISA anatengera nkhaniyo ku khoti, ndipo pa 21 Januwale bwalo lalikulu ku Harare linagamula kuti nduna yomwe inasaina lamulolo inalibe mphamvu zotero. Intaneti inabwerera tsiku lomwelo. Mlanduwo unatheka chifukwa panali chikalata, panali dzina la wosaina, ndipo kampani sinabise. Aphungu athu a ku Chikwawa ndi Nsanje, omwe anthu awo amakhala moyang'anana ndi malire, angachite bwino kufunsa m'Nyumba ya Malamulo kuti ziphaso za makampani athu a mafoni zikuti chiyani za lamulo lotere likabwera, ndani ayenera kulisaina, ndipo ngati kampani ili ndi udindo wotiuza.